Mwatsitsa galimoto ndiye yayamba kunjenjemera: kayezedwe ndi kakonzedwe ka pinion angle

Funso ili landikwana. Munthu amatsitsa pikiapu yake kuti izioneka bwino, n'kumazungulira nayo pakati pa Chinamwali ndi m'tauni osamva kanthu. Tsiku lomwe waitulutsira pa M3 kulowera ku Thondwe, pansi pa mpando pamayamba kunjenjemera, galasi loonera kumbuyo osaonetsanso bwino. Kenako foni: "Achimwene, ndigule shimu ya madigiri angati?" Shimu ndi kachitsulo kokonzera kupendekeka kwa difu, koma nambala imeneyo ili pansi pa galimoto yanu, ndipo wokuuzani asanalowepo akungolota. Ndalemba pano kamodzi kuti wofunsa ndizingomutumizira.

Tiyambe ndi kupatula amene nkhaniyi si yawo. Vitz, Passo ndi zina zokoka ndi matayala akutsogolo zilibe vutoli. Mark II GX100, Altezza ndi BMW E30 kapena E36 zimakoka kumbuyo inde, koma difu yake, bokosi la magiya logawa mphamvu ku matayala akumbuyo, ndi yomangirira ku thupi la galimoto, choncho mukaitsitsa difu imatsika limodzi ndi giyabokosi, palibe chosintha pakati pa ziwirizo. Ndikuyankhula ndi a Nissan 1400, Hilux ya 2WD, Hardbody, HiAce ndi Corolla zakale zokoka kumbuyo, zomwe difu ndi matayala onse awiri zili pa ekiselo imodzi yokwera ndi kutsika.

Pinion ndi kashafuti kotuluka kutsogolo kwa difu, pomwe imamangidwa propshaft, chubu yobweretsa mphamvu kuchokera ku giyabokosi. Pinion angle ndi ngodya ya pakati pa pinion ndi propshaft. Kumapeto onse a propshaft kuli universal joint, yomwe kugalaja timangoti cross. Cross ikamagwira ntchito itapindika sipereka liwiro lofanana: pa kuzungulira kumodzi, propshaft imafulumira ndi kuchedwa kawiri. Cross yakumbuyo ndi imene imafafaniza zimenezi, koma pokhapokha itapindika mofanana ndi yakutsogolo. Zikasiyana, chotsalacho ndicho mukuchimva mumpando. Ndiye zomwe tikufuna ndi zitatu. Ngodya ya cross yakutsogolo ndi yakumbuyo zisasiyane kupitirira digiri 1. Iliyonse isapyole madigiri 3 pa galimoto yothamanga pa tala. Komanso isachepere theka la digiri, chifukwa cross yowongoka kotheratu siyendetsa timasingano ta m'kati mwake, timangodinda malo amodzi mpaka kukumba.

1. Tsimikizani kaye kuti vuto ndi ngodya.

Galimoto zambiri zomwe eni ake amati ndi pinion angle zimapezeka kuti ndi cross yotha. Tsekerani matayala, ikani fili, gwirani propshaft pafupi ndi cross n'kuigwedeza uku ndi uku. Ikamalira kuti khokhokho, kapena pakamwa pa kapu, kachivindikiro ka kumapeto kwa cross, pakuoneka fumbi lofiira la dzimbiri, sinthani cross musanayeze chilichonse. Onaninso mawunting'i ya giyabokosi ngati yaphwa, mabushi a masipuling'i, ndi centre bearing yogwirizira propshaft pakati ngati ilipo. Ngati propshaft inasololedwapo pakati, yang'anani makutu ogwira cross kutsogolo ndi kumbuyo kwa chubu: ayenera kukhala pa mzere umodzi. Wina akaibwezera atalumphitsa dzino, ngodya zikhale zabwino chotani, idzanjenjemerabe.

Pamsewu kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Tayala losabalansa limagwedeza pa liwiro lake lomwelo, kaya mwaponda mafuta kaya mwasiya. Kunjenjemera kwa ngodya kumatsata phazi: kumabwera mukaponda n'kuchepa mukasiya, kapena mosinthana.

2. Imikani galimoto monga imayendera.

Apa ndi pomwe ambiri amaonongera ntchito isanayambe. Amakweza chasisi ndi jeke, ekiselo n'kulendewera, iwo n'kuyamba kuyeza. Manambala amenewo ngotaya. Kulemera konse kwa galimoto kukhale pa matayala ake anayi, mpweya uli bwino, mafuta ali theka kapena kuposa, ndi katundu amene mumayenda naye masiku onse. Ngati nthawi zambiri mumakhala mutasenza, ikanimo matumba olingana ndi katunduyo.

Galimoto yotsitsa simungalowe pansi pake, ndiye pemphani dzenje kugalaja kapena ikwezeni pa marampu matayala onse anayi. Njerwa ayi. Njerwa yootcha imaphwanyika osachenjeza. Pansi sipakufunika kukhala pa levulo yeniyeni, popeza tikuchotserana manambala ndipo kupendekeka kwa malowo kumadzifafaniza kokha, bola galimoto isasunthidwe kupita pena muli pakati poyeza.

3. Konzani choyezera.

Digital angle finder ya maginito ndiyo yabwino. Mukaisowa, foni yokhala ndi pulogalamu ya levulo imagwira, koma vulani kava ndipo gwiritsani mbali yopanda mabatani. Iyeseni kaye: iikeni pa chitsulo chosalala, werengani, itembenuzeni kuti mutu upite kumene kunali miyendo, werenganinso. Kukula kwa nambala kuzifanana. Kukasiyana ndi theka la digiri, bwerekani ina. Tenganinso soketi yaifupi, sandipepa, nsanza, choko ndi pepala.

4. Yezani mizere itatu.

Mukufuna kupendekeka kwa giyabokosi, kwa propshaft ndi kwa pinion. Zonse muyeze mutaima mbali imodzi ya galimoto, choyezera chitayang'ana kwa inu, chitagona motsata utali wa galimoto.

Propshaft njosavuta. Palani matope ndi dzimbiri pakati pa chubu, patali ndi powotcherera ndi tizitsulo ta balansi, n'kugoneka choyezera pansi pake.

Giyabokosi ndi difu musaziyezere pa thupi. Matupi amenewa ngoumba, ali ndi nthiti komanso amanka nachepa, adzakunamizani ndi madigiri awiri kapena atatu. Yezerani pa kapu ya cross. Kankhani galimoto pang'ono mpaka kapu yomwe ili m'khutu la mbali ya giyabokosi italoza pansi ndendende, tsekeraninso matayala, pukutani kapuyo, gunditsani soketi pa nkhope yake, choyezera pansi pa soketi. Soketi ikhale yaing'ono yokwana kukhala pa kapu yokha osakwera pa circlip, kamkombero kotsekera kapuyo. Chitani chimodzimodzi kumbuyo, pa kapu ya m'khutu la mbali ya difu. Samalani: cross iliyonse ili ndi makapu anayi, awiri a propshaft, awiri a mbali inayo. Mukayeza pa a propshaft mudzapeza nambala ya chubu ija, n'kumasangalala kuti zonse zili bwino.

Njira ina ndi kumasula propshaft ku difu n'kuyeza pa nkhope ya flange, chimbale chomwe propshaft imamangidwapo, mutaika kaye chizindikiro cha choko kuti mudzaibwezere momwe inalili. Nkhopeyo ndi yoimirira, choncho choyezera chikati 87, kupendekeka kwake ndi 3. Mbali ya injini mutha kuyezeranso pa nkhope ya pule ya crank, chifukwa crank ndi shafuti yotuluka m'giyabokosi zili pa mzere umodzi. Malo aliwonse yezani kawiri.

5. Lembani kolowera, kenako muwerengere.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo malangizo ambiri amangopalumpha. Mumva anthu akuti "giyabokosi iyang'ane pansi madigiri 3, pinion iyang'ane m'mwamba madigiri 3". Munthu n'kulemba 3 pansi, 3 m'mwamba, n'kuganiza kuti zikutsutsana, n'kuphatikiza kupeza 6. Chonsecho mizere iwiriyo yapendekeka mofanana. Chosokoneza n'chakuti mchira wa giyabokosi umaloza kumbuyo pomwe mphuno ya pinion imaloza kutsogolo. Mchira wotsika ndi mphuno yokwera ndi kupendekeka kumodzi komweko.

Ndiye siyani zoti pansi ndi m'mwamba. Pa mzere uliwonse dzifunseni funso limodzi: nditathira madzi pamenepa, ayenderera kumbuyo kwa galimoto kapena kutsogolo? Pambali pa nambala lembani KUMBUYO kapena KUTSOGOLO, osadalira chizindikiro cha + ndi − cha choyezera, chifukwa chimatembenuka mukangosintha mbali. Mukakayika, nyamulani pang'ono mbali ya choyezera yoloza kumbuyo kwa galimoto chili m'manja mwanu pamalo pomwepo, kapena itsitseni ngati chitsulo chikutchinga. Ngati kukweza mbali yakumbuyo kukuchepetsa nambala, mzerewo ngotsikira kumbuyo. Pa nkhope yoimirira, ya flange kapena ya pule, lamulo ndi ili: pamwamba pake pakatsamira kumbuyo, mzerewo ngotsikira kumbuyo.

Pa galimoto zambiri injini imatsikira kumbuyo madigiri pafupifupi 3, ndipo pinion yoyang'anitsa mphuno m'mwamba nayonso imatsikira kumbuyo.

Tsopano masamu. Ngodya yakutsogolo ndi ya pakati pa giyabokosi ndi propshaft. Yakumbuyo ndi ya pakati pa propshaft ndi pinion. Mizere iwiri ikatsikira mbali imodzi, chotserani. Ikatsikira mbali zosiyana, phatikizani.

Tiyerekeze kuti mwatsitsa ka pikiapu ndi mabuloko oika pakati pa ekiselo ndi sipuling'i, n'kuchotsanso tsamba limodzi la sipuling'i, ndipo pepala lanu likuti: giyabokosi 3.0 kumbuyo, propshaft 0.5 kumbuyo, pinion 6.0 kumbuyo. Yakutsogolo ndi 3.0 kuchotsa 0.5, yomwe ndi 2.5. Yakumbuyo ndi 6.0 kuchotsa 0.5, yomwe ndi 5.5. Zasiyana ndi madigiri 3, ndipo yakumbuyo yapyola malire. Mphuno ya pinion yakwera kwambiri, iyenera kutsika.

Wina watsitsa kwambiri mpaka difu yakwera kuposa mchira wa giyabokosi: giyabokosi 3.0 kumbuyo, propshaft 1.5 kutsogolo, pinion 3.0 kumbuyo. Apa mukuphatikiza: yakutsogolo 4.5, yakumbuyo 4.5. Ngodya zafanana bwinobwino, koma zonse zakula mopyola. Shimu ya ku difu yokha siingathetse zimenezi, ingosokoneza kufananako. Mankhwala ake ndi kukweza mchira wa giyabokosi ndi kachitsulo pansi pa mawunting'i, zomwe zimachepetsa kutsika kwa injini n'kukwezanso mutu wa propshaft, kenako n'kulondoletsa pinion. Onani kuti propshaft sikugunda pansi pa thupi ndipo fani sikukhudza chotchinga chake. Malo akasowa, kwezaniko galimotoyo pang'ono. Ndikudziwa kuti simufuna kumva zimenezo, koma ndi mahampu athuwa msana wa galimoto udzakuthokozani.

Pali chinthu chimodzi chomwe ogulitsa mashimu sangakuuzeni. Mabuloko owongoka paokha satembenuza pinion. Amangosintha kupendekeka kwa propshaft, ndipo ngodya zonse ziwiri zimasintha mofanana. Pa mita iliyonse ya propshaft, mamilimita 17 kapena 18 ndi digiri 1, kotero kutsitsa mamilimita 75 pa propshaft ya mamita 1.2 kumaisintha ndi madigiri pafupifupi 3.6. Nthawi zina mukayeza mumapeza zonse zili m'malire, shimu yosafunika n'komwe. Zomwe zimatembenuzadi pinion ndi kuchotsa masamba, kuwongola masipuling'i ndi hamala kapena moto, kusintha utali wa shackle yolumikiza mchira wa sipuling'i ku chasisi, mabuloko odulidwa mokhota kwa wowotcherera, ndi mikono ya ekiselo pa galimoto za makoyilo. Chenjezo lina: ngodya zitha kufanana pa pepala giyabokosi ndi pinion zitapendekera mbali zosiyana za propshaft. Kakonzedwe kotere kaliko, koma kamasokonekera ekiselo ikangokwera kapena kutsika. Pa galimoto ya pamsewu funani kuti nambala ya giyabokosi ndi ya pinion ziyandikane, zonse zili ndi mawu amodzi pambali.

6. Sankhani pomwe pinion ikhale galimoto itaima.

Mukaponda mafuta, matayala amazungulira kupita kutsogolo ndipo thupi la ekiselo limafuna kuzungulira mobwerera, mphuno ya pinion n'kukwera. Masipuling'i a masamba amalola zimenezi kwambiri, makamaka mutachotsa tsamba kapena kuika mabuloko aatali, omwe amapatsa ekiselo mphamvu yopotokola sipuling'i. Choncho pa masamba siyani mphuno itatsika digiri 1 kapena 2 kuchokera pofanana ndi giyabokosi, kuti ikamakoka izifika pofanana. Giyabokosi ikakhala 3.0 kumbuyo, pinion ikhale pakati pa 1.0 ndi 2.0 kumbuyo. Pa makoyilo ndi mikono inayi ekiselo siyenda kwambiri, theka la digiri mpaka 1 n'zokwanira. Za madigiri 5 mpaka 7 zomwe mumawerenga pa intaneti ndi za galimoto za mpikisano wa drag, wothamanga kamtunda kakafupi kowongoka, zokhala ndi injini zamphamvu zedi. Mukatengera zimenezo pa Nissan 1400, idzanjenjemera nthawi iliyonse mukasiya mafuta.

Pa chitsanzo choyamba chija, kuchoka pa 6.0 kufika pa 2.0 ndi shimu ya madigiri 4.

7. Ikani shimu, ndipo iloze koyenera.

Shimu ndi kachitsulo kokhuthala mbali imodzi, kopyapyala mbali inayo, kokhala pakati pa sipuling'i ndi mpando wa ekiselo. Ofala ndi a madigiri 2, 4 ndi 6. Tengani achitsulo. A aluminiyamu oumba amasweka kapena kufinyika, ma U-bolt omanga ekiselo ku sipuling'i n'kumasuka. Mukawasowa m'mashopu a ku Limbe, wa makina osema zitsulo atha kukusemerani awiri ofanana. Ogaya ndi gilayinda pamanja sangafanane.

Kolozera kwake kumadalira pomwe ekiselo yakhala. Ekiselo ikakhala pamwamba pa sipuling'i, monga zilili pa galimoto zotsitsidwa ndi mabuloko, mbali yokhuthala ikaloza kumbuyo mphuno imatsika, ikaloza kutsogolo mphuno imakwera. Ekiselo ikakhala pansi pa sipuling'i, ndi mosinthana. Jambulani muvi ndi choko pa mashimu onse awiri musanalowe pansi, chifukwa imodzi ikaloza kwina mudzapotokola masipuling'i pomanga.

Ikani chasisi pa masitandi, jeke pansi pa difu, masulani ma U-bolt mbali zonse ziwiri, siyanitsani ekiselo ndi sipuling'i pang'ono pongokwana kulowetsa shimu, zala zili patali. Choyang'anitsitsa ndi mutu wa centre bolt, bawuti logwira masamba a sipuling'i pakati. Uyenera kudutsa shimu n'kulowa ndithu m'bowo la buloko kapena la mpando wa ekiselo. Ukangogunda pakamwa pa bowo, tsiku lina pa hampu ekiselo idzatsetsereka, galimoto n'kumayenda chammbali. Ukafupika, gulani centre bolt ya mutu wautali, ndipo panani masamba ndi G-clamp musanamasule yakale. Osasanjikiza mashimu awiri. Ngati mukufunika oposa madigiri 6, pali china chopindika kapena chowotcheredwa molakwika, ndipo mipando ya ekiselo iyenera kudulidwa n'kuwotchereranso pamalo pake.

Ma U-bolt gulani atsopano, otalika mokwanira kuti ulusi utuluke kupyola nati. Mangani pang'onopang'ono mopingasa mpaka pa torque ya m'buku la galimotoyo.

Pa makoyilo palibe shimu. Mumafunika mikono yapamwamba yosinthika utali: kuitalikitsa kumakweza mphuno, kuifupikitsa kumaitsitsa. Zungulizani mofanana mbali zonse, ndipo mabawuti a mabushi mumange galimoto itakhala pa matayala ake.

Muli pansipo onani payipi ya buleki ndi chingwe cha handibuleki ngati sizikukokeka kapena kupanika. Hilux ndi HiAce zambiri zili ndi valavu ya buleki yokhala ndi kandodo kopita ku ekiselo. Mukatsitsa galimoto, valavuyo imaona ngati mwasenza katundu n'kumatumiza mphamvu yambiri kumbuyo, matayala akumbuyo n'kumagwira msanga pa msewu wonyowa. Imeneyo ikonzedwenso.

8. Ngati propshaft yanu ili ya zigawo ziwiri.

Mapikiapu aatali ali ndi centre bearing ndi macross atatu, ndiye mizere yoyeza ndi inayi. Ngodya ya pakati pa giyabokosi ndi chigawo choyamba ikhale yaing'ono, cha m'ma digiri 1. Kenako pinion muifananitse ndi chigawo choyambacho, osati ndi giyabokosi. Galimoto yotere ikatsitsidwa imakonda kugwedezeka ponyamuka pa giya 1, ndipo kawirikawiri chofunika ndi kukweza centre bearing pang'ono. Yambani ndi chimenecho musanakhudze difu.

9. Yezaninso, kenako kaiyeseni pamsewu.

Tsitsani galimoto, igwedezeni, iyendetseni pang'ono kuti masipuling'i akhazikike, n'kubwerera padzenje. Yezani mizere yonse, osati pinion yokha, chifukwa mphuno ikatsika imatsitsanso mchira wa propshaft. Pa chitsanzo chathu mutha kupeza giyabokosi 3.0, propshaft 1.4, pinion 2.0, zonse kumbuyo. Yakutsogolo 1.6, yakumbuyo 0.6, ndipo ikamakoka yakumbuyoyo ikwera kuyandikira inzake. Pamenepo mwatha.

Onaninso pomwe propshaft imalowa m'giyabokosi. Galimoto ikatsika, propshaft imagona n'kukankhikira m'kati. Payenera kutsala mamilimita ngati 20 oti ilowebe. Pakapanda mpata umenewo, hampu iliyonse izimenya m'kati mwa giyabokosi, ndipo propshaft iyenera kufupikitsidwa ndi kubalansidwa ndi odziwa ntchitoyo.

Kuno ku Zomba tili ndi mwayi wa phiri. Kwerani msewu wa ku Ku Chawe: pokwera injini ikukoka nthawi yonse, potsika ikugwira ndi giya. Ikanjenjemera pokwera n'kukhala chete potsika, mphuno ikadali m'mwamba, itsitseni digiri ina. Ikachita phee pokwera n'kumalira potsika, mwaitsitsa mopyola. Za liwiro muziyesere pa M3 kulowera ku Namadzi kapena ku Domasi, pamalo opanda anthu ndi njinga zambiri, mukuponda ndi kusiya mafuta pa liwiro lomwe inkavutira. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, n'kulemba manambala atsopano pa pepala lomwe lija.

Mukapita ku Blantyre n'kubwerako, lowaninso pansi ndi sipanala mumangenso ma U-bolt onse. Shimu ndi mabuloko atsopano amakhazikika, manati n'kulekerera.